Ndiwo Zopanda Mchere

Matendawo anawayambira kumapazi a Harrison. Poyamba nsapato zinangoyamba kuwathina, iwo n'kumaseka kuti akunenepa ndi mpunga wa mkazi wawo. Koma kutupako kunakwera m'miyendo, kunafika pamimba, masaya nawo n'kufufuma ngati mandasi. Munthu amene ankakhoma zidebe ndi mbaula tsiku lonse pamsika wa Mtakataka, phokoso lake kumamveka mpaka kumsewu waukulu, anayamba kupuma mwawefuwefu akangonyamula hamala. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ichi chinalowa m'nyumba mwakachetechete ndithu, mkazi wawo Yunisi ali pakati pa maulendo ake.

Yunisi anali mayi wa geni. Ankagula mpunga kwa alimi a kusikimu ya Bwanje, kukapunthitsa kuchigayo ku Golomoti, n'kukwera nawo mtunda wa Khwekhwerere kukagulitsa ku Dedza, mwina mpaka ku Lilongwe. Akapita ankatha masiku angapo, kugona pamatumba m'shedi ya msika pamodzi ndi amayi anzake. Geniyi anaiyamba matipate atangobwera kumene, pamene munthu anayamba kulowa mumsika popanda womufunsa khadi la chipani pageti. Anayamba ndi lichero limodzi, mwana wake Olivia ali kumsana. Tsopano Olivia anali pabanja pake ku Salima, ndipo Yunisi ankadzaza kumbuyo konse kwa minibasi ndi matumba ake.

Anali mkazi wa chitengwa. Kwawo kunali kuseri kwa Mua, ndipo pamudzi wa amuna ake analibe munda wake, analibe manda a makolo ake, analibe ngakhale mtengo wa mango woti n'kunena kuti anabzala agogo. Chake chenicheni chinali msewu umenewo. Pamsewu palibe amene ankamutchula mkazi wa uje. Makondakitala ankamudziwa dzina, alimi a ku Bwanje ankamusungira mpunga wabwino, ndipo pokwera mtunda uja m'mawa, mphepo yozizira ikuyamba kulowa pawindo, ankamva kuti miyendo imene akuyendera ndi yake.

Anthu a pamudzi, monga mwa nthawi zonse, ntchito anaipeza pakamwa. Ankati a Harrison anadyetsedwa, mwamuna wanzeru zake sangamagone yekha mkazi ali kutauni. A Harrison ankangoseka, akuwongola lata pabondo.

"Mkazi si mbuzi yoti uziimangirira pachikhomo," ankatero. "Nambewe ndikumudziwa ine."

Nambewe ndi mfunda wa Yunisi, ndipo a Harrison okha ndiwo ankamuitana choncho. Mawu amenewa Yunisi ankawasunga mumtima, ankayenda nawo, ndipo ankadziona wodala pakati pa akazi anzake.

Atabwerako ulendo wina n'kuwapeza amuna ake akugona chokhala, atatsamira khoma chifukwa kugona chagada mpweya umawabanika, sanafunse nzeru kwa wina aliyense. Anawakweza minibasi, kenako kabaza, mpaka kuchipatala cha Mua. Dokotala anadina mwendo ndi chala, pamalopo n'kutsala kadzenje kosabwerera msanga. Anawamvetsera m'chifuwa, anawagoneka muwodi masiku angapo, ndipo tsiku lotuluka anaitana Yunisi pafupi ndi bedi.

"Mayi, mtima wa bambowa watopa," anatero dokotalayo. "Ukulephera kuyendetsa bwino magazi, n'chifukwa chake madzi akudzaza m'thupi. Mapiritsi awa azimwa tsiku lililonse osadumphitsa. Koma chachikulu mumve ichi: mchere ayi. Mchere umasunga madzi m'thupi. Mukamawathirira mchere m'ndiwo mudzawabweretsanso kuno, ndipo mwina sitidzawatha."

A Harrison anali pomwepo, atakhala m'mphepete mwa bedi, ndipo anagwedeza mutu. Anamva ndi makutu awo.

Atafika kunyumba Yunisi anatenga kabotolo ka mchere n'kukaika pamwamba pa khoma, kuseri kwa nsichi, kuti dzanja lingapite lokha mwachizolowezi. Ankaphika mphika umodzi wa ndiwo zopanda mchere, iye n'kumadya zomwezo, chifukwa sanafune kuti amuna ake azidya zozizira akuona mnzawo akunyambita zala. Maulendo anayamba waimitsa. Anauza mnzake wa geni, Flora, kuti aziyenda yekha kaye mpaka wodwala ataimirira.

Sabata isanathe anatulukira a Salome, mlongo wawo wamkulu wa a Harrison, mayi wamasiye wa ku Golomoti. Anabwera ndi phukusi pamutu, nkhuku m'khwapa, kudzadwazika mlongo wawo. Sanali mayi woipa, tinene zoona. Ndi iwo amene analera a Harrison makolo atamwalira, ndipo munthu amene unamupukuta mamina sumuona kukula.

Masana amenewo anakhala pamkeka atatu. Ndiwo zinali nkhwani wotendera. A Salome anatema mbamu, anasunsa, anatafuna kawiri, n'kuima. Anayang'ana m'mbale, kenako anayang'ana miyendo ya mlongo wawo, imene inali isanaphwe bwinobwino.

"Mlamu, mchere watha m'nyumba muno?"

"Ulipo, alamu," anayankha Yunisi. "Achipatala aletsa. Akuti mtima wawo sukufuna mchere."

"Mwasiya liti kuthira?"

"Chibwerereni ku Mua."

"Ooh," anatero a Salome, ndipo anapitiriza kudya mwakachetechete mpaka mbale inayera.

Kwathu kuno mchere si chinthu chamasewera. Mwana wamkazi aliyense amauzidwa akangotha msinkhu kuti pali nthawi zina dzanja la mkazi siliyenera kugwira mchere wa m'ndiwo. Chachikulu pa zonse n'chakuti mkazi amene wagona ndi mwamuna wina akathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, amamudula. Mdulo wake umadziwika: miyendo kutupa, masaya kufufuma, chifuwa kubanika. Ndipo mkazi wotero akaona kuti zinthu zafika poipa, chikumbumtima chikamugwira, choyamba chimene amachita n'kusiya kuthira mchere. Izi amazidziwa a mpingo ndi akunja omwe, ngakhale amene sajomba ku misa ndipo kolona ili m'khosi.

Yunisi ankazidziwa zonsezi monga mkazi wina aliyense, koma m'masiku onse aja a kuwodi, mutu uli pa mapiritsi ndi mpweya wa amuna ake, sizinamubwerere n'komwe. Zinamubwerera akutsuka mbale kuseri kwa khitchini, a Salome atabwera kudzakhala pambali pake n'kumugwira paphewa mwachifundo.

"Mwachita bwino kuzindikira msanga, mlamu," anatero motsitsa mawu. "Ena amapitiriza kuthira mpaka mwamuna atamuika m'manda."

"Alamu, mukutanthauza chiyani? Ndati aletsa ndi adokotala. Ngati simukundikhulupirira, tiyeni ku Mua mawa mukadzifunsire nokha."

"Ndikafunse chiyani? Achipatala nawonso ndi ana a anthu, anakulira m'midzi momwe muno. Anaona miyendo, anaona inu, anadziwa. Nanga akanakuuzani bwanji muwodi modzaza anthu? Anakusungirani ulemu."

Yunisi anayembekeza kuti mkwiyo ubwera, chifukwa pamsewu ankadziwika kuti kondakitala womuponyera thumba m'matope amamva zosayembekezera. Koma sunabwere. M'malo mwake anamva ngati mmene mkono umachitira ukaugonera, dzanzi lokhalokha, kuyambira pachifuwa mpaka m'zala. Anamaliza kutsuka mbale, anazisanja pathandala, anakatunga madzi.

Madzulo ake, a Salome atapita kukalonjera abale, anagwada pafupi ndi mpando wa amuna ake.

"Bambo a Olivia, mwamva zimene akunena achemwali anu? Inu munalipo, munamva adokotala. Auzeni."

"Ndawauza kale," anayankha a Harrison. "Ukuwadziwa achemwali, akagwira chinthu agwira. Asiye, Nambewe, atopa okha. Ine ndilibe nawe chifukwa."

Anawakhulupirira. Nanga akanakhulupirira ndani?

Tsono a Harrison anayamba kuchira. Mapiritsi aja anagwira ntchito yawo, ndiwo zozizira zija zinagwiranso yawo. Mapazi anaphwa, mitsempha inayamba kuoneka, nsapato zinalowa. Tsiku lina anagona chagada mpaka m'mawa osadzidzimuka. Tsiku linanso anayenda okha kukafika pamsika kukaona anzawo. Yunisi anali atapempherera zimenezi atagwada pasimenti ya kuchipatala, koma walira mvula walira matope. Kuchira kulikonse kunasanduka umboni womutsutsa. Mkazi wasiya kuyenda, mkazi wasiya kuthira mchere, mwamuna waphwa. Ngakhale mwana wa sitandade wani akanatha kuwonkhetsa samu imeneyo, ndipo mudzi wonse unawonkhetsa.

Palibe amene anamutukwana. Kukanakhala kutukwana bwenzi atayankha. Pamjigo amayi ankamupatsa moni mwaulemu wopitirira muyeso, n'kumusiyira malo kuti atunge msanga azipita. Kumaliro ena a pamudzi, atapita kukathandiza kuphika, anamupatsa ntchito yotola nkhuni ndi kutsuka mbale, ndipo mayi wina ananyamula mbale ya mchere imene inali pafupi naye n'kukaiika patali ngati akungokonza malo. Yunisi anaona, n'kupitiriza kuthyola nkhuni. Ankadzuka, kusesa, kupereka mapiritsi, kuphika, kuchapa, kugona. Chakudya sichinkamukomera, komanso sichinkamuipira.

Flora anabwera m'mawa wina. Anaima pampanda osalowa, chitenje atachikulunga m'manja.

"Ku Bwanje ayamba kumweta," anatero. "Alimi ako aja akukufunsa."

"Auze ndibwera. Bambowa akupeza bwino tsopano. Mwina mwezi ukubwerawu tiyambiranso."

Flora anayang'ana pansi. "Mnzanga, amuna anga akuti ndisamayendenso nawe. Akuti ndikafuna geni ndizigulitsa tomato pompano."

"Iwe Flora, zaka zonsezi mutu wanga umagona pafupi ndi wako pamatumba paja. Chofunda chinali chimodzi. Sunganene zimenezo?"

"Ndikudziwa, Yuni. Mulungu akuona, ndikudziwa. Koma ndikakuikira umboni, afunsa kuti nanga ineyo wondiikira umboni ndani."

Anatsanzikana bwinobwino, ngati anthu amene adzaonana mawa. Yunisi anabwerera kukamaliza kusesa pamene anasiyira.

A Salome sanatope monga ananenera a Harrison. Anakhazikika, mkeka wawo unapeza malo ake pabalaza. Chimene chinkawawawa kwambiri chinali kuona mlongo wawo, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake, akudya masamba ozizira ngati mbuzi. Tsiku lina Yunisi akuchokera kumjigo anawapeza atawerama pambale ya a Harrison, akuwaza mchere wochokera pamfundo ya chitenje chawo.

"Alamu, mukuchita chiyani?"

"Dzanja langa n'lozizira, mlamu, ine ndine wamasiye. Wanga sungamupweteke."

"Mchere ndi mchere, alamu! Adokotala anati..."

"Mchere sunaphepo munthu chiyambire dziko. Chimapha ndi dzanja."

A Harrison anali atadya kale theka la mbaleyo, ndipo anayang'ana kumbali ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa. Zinaoneka kuti sikunali koyamba. Patangopita masiku ochepa akakolo anayambanso kutupa, ndipo usiku wina anabwerera kogona chokhala. Yunisi anadziwa chifukwa chake. A Salome nawo anadziwa chifukwa chawochawo: nkhani inali isanakonzedwe, mdulo unali udakali m'thupi, ndipo kusiya mchere kokha n'kuphimba chilonda ndi tsamba. Anatumiza uthenga kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri.

Zimene a Salome ankafuna zinali zodziwika. Anali atatenga kale mankhwala kwa munthu wina wodziwa zitsamba, kaphulusa ka mizu kosakaniza ndi mchere, kokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Mkazi wolakwayo amathira yekha mankhwalawo m'ndiwo pamaso pa ankhoswe, mwamuna n'kudya, mdulo n'kuchoka.

"Sitikufuna dzina la munthu, mlamu," anatero a Salome. "Sitikufuna kukuchititsani manyazi. Pakamwa pakhale potseka, dzanja lokha livomere. Mukatero nkhani yatha, ine ndinyamula phukusi langa kubwerera ku Golomoti. Koma mukakana, ndiye kuti mukufuna mlongo wanga afe. Pamenepo mudzayamba mwapita kwanu, ndimuphikire ndekha."

Yunisi anamva mawu otsirizawo bwino lomwe. Anaona mphika wa a Salome, dzanja lawo lachikondi lija likuwaza mchere m'mawa ndi madzulo, ndipo anakumbukira kadzenje kaja kosabwerera pamwendo. Anaganiza zimenezi mopanda mantha, mopanda chisoni, monga mmene munthu amaonera mitambo n'kudziwa kuti zovala zili pachingwe zinyowa.

Nkhoswe wa kwawo anali mchimwene wake wamkulu, a Kenneth. Anafika panjinga m'mawa wa tsiku lokonza nkhaniyo, thukuta lili kamukamu, ndipo anamuitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Achimwene, ine sindinachite kanthu," anatero Yunisi asanakhale n'komwe pansi.

"Ine sindinakufunse, mlongo wanga."

"Ndiye ndifunseni."

A Kenneth anapukuta nkhope ndi chipewa. "Ndikakufunsa, ukakana, ndipindula chiyani? Anthu awa atsimikiza kale. Kwathu ukudziwa mmene zilili, munda wa amayi tinagawana, ana a achemwali ako ndi omwe akulimamo. Ukabwera ukhala pati? Banja ndi kupirira. Kamchere kokha basi, ukufuna ugwetse nyumba chifukwa cha kamchere?"

Yunisi anawasiya pomwepo. Analowa m'nyumba, kumene a Harrison ankavala malaya awo a kutchalitchi, mabatani akuwavuta chifukwa zala zinali zitatupanso. Anawamangira mabataniwo limodzilimodzi. Iwo anamugwira dzanja.

"Ungothira, Nambewe," anatero monong'ona. "Ine ndikudziwa kuti palibe chimene unachita. Ndinamva adokotala ndi makutu angawa. Tingowatseka pakamwa anthuwa, achemwali apite kwawo, titsale awiri ngati kale. Ndikalimba, ubwerere ku geni yako. Chimene anthu akuganiza chili ndi ntchito yanji, ine mwini wake ndikudziwa zoona?"

Anawayang'ana m'maso. Anali maso omwe aja a munthu amene ankamuperekeza pasiteji mbandakucha atamusenzera thumba. Anaganiza kuti ngati munthu mmodzi yekhayu akudziwa, dzina likhoza kupita, anthu adye nalo nsima. Msewu udzatsala, ndipo mwamuna adzakhala moyo.

"Chabwino," anatero.

Anthu sanachuluke, nkhani zotere sachitira pabwalo. Panali a Kenneth, amalume awo a Harrison amene anali nkhoswe wa kuchimuna, a Salome, ndi amayi awiri achikulire a pamudzi. Anakhala pakhonde la kuseri, dzuwa lili paliwombo. A Salome anali atapha nkhuku ija anabwera nayo, imene inali itanenepa ndi madeya a pakhomopo. Mphika anauika pakati, n'kumasula kapepala kaja, n'kukaika m'manja mwa Yunisi.

Amalume analankhula mawu ochepa, akuti munthu ndi munthu, amalakwa, ndipo mlandu sugwera mtengo. A Kenneth anawomba m'manja mwaulemu kuvomereza. Kenako onse anayang'ana dzanja la Yunisi.

Iye analiyang'ananso dzanjalo ngati la munthu wina. Linali ndi zipsera za zingwe za matumba, chikhadabo chimodzi chothyoka. Linapendeketsa kapepalako, kaphulusa kotuwa n'kugwera pamsuzi, kuyandama pang'ono, n'kumira. Linatenga chipande n'kutakasa. Mumtima mwake munalibe chilichonse, kupatula kaganizo kamodzi kakang'ono, kakuti mcherewo wachuluka ndipo mawa akakolo adzatupa.

Mmodzi wa amayi achikulire aja analuluta pang'onopang'ono, kuopa kuitana anthu. A Salome anagwetsa misozi yeniyeni, anamukumbatira Yunisi n'kumutchula mwana wawo. A Harrison anapatsidwa chiwindi ndi msuzi, anadya mutu uli pansi.

Atasamba m'manja, amalume anakonza kukhosi.

"Tsono poti takonza, tisasiye khomo lotsegula pamene panalowera njoka. Za maulendo zija, apongozi, zithere pomwepa. Geni ikhoza kuchitikira pakhomo. Kaya mandasi, kaya tomato, bola dzuwa likamalowa muli m'nyumba mwanu. Si choncho, a Kenneth?"

"N'zoona zimenezo," anatero a Kenneth.

"Nanga mwini nyumba akuti bwanji?"

Yunisi anadzutsa mutu kwa nthawi yoyamba. Apa ndi pamene a Harrison akanati ayi, zimenezo tikambirana awiri. Sizinafune mawu ambiri. Iwo anayang'ana m'mbale yopanda kanthu, anayendetsa chala m'mphepete mwake.

"Akuluakulu mwanena," anatero. "Ine ndingawonjezere chiyani?"

Yunisi anaganiza kuti mwina akungowatseka pakamwa, monga anagwirizana. Anatolera mbale.

A Kenneth anakwera njinga yawo dzuwa lisanapendeke, atamusiyira mawu akuti wachita zaumunthu. A Salome anasunga lonjezo lawo. Anamanga phukusi tsiku lomwelo, ndipo potsanzika anamuuza Yunisi kuti tsopano dzanja lake layera, akhoza kumathira mchere mopanda mantha, mlongo wawo ayambe kudya ngati munthu. Yunisi anawaperekeza mpaka pamsewu, anawanyamulira phukusi, anadikira mpaka minibasi ya ku Golomoti itawatenga. Pasiteji panali amayi ena akukweza matumba a mpunga watsopano, fungo lake lili guu. Kondakitala wina anamuzindikira n'kukuwa kuti, "Mayi a mpunga, mwasowatu!" Iye anangokweza dzanja n'kutembenuka.

Pakhomo panali zii, kwa nthawi yoyamba chibwerereni a Salome. A Harrison anali atavula malaya a kutchalitchi aja, atakhala pampando wawo pakhonde, miyendo ataisanjika pachidebe chovundikira monga anawalangizira kuchipatala. Yunisi anatenga mphika wa nkhuku uja, anataya msuzi wotsalawo kudzala kuti wina angaudyenso, n'kukhala pansi chapafupi kuyamba kuukwecha ndi mchenga. Anadikira kuti amuna ake anene kanthu, mwina kuseka kuti tawapusitsa, mwina kupepesa za mawu a amalume aja.

Nkhuku zinkatola mpunga wogwera pansi pa thandala.

"Nambewe."

"Ee."

"Wathira mosavuta."

Yunisi anaima kukwecha. "Munandiuza ndinu."

"Inde, ndinakuuza." A Harrison anapuma kaye, mpweya unali usanabwerere wonse. "Koma ndimaganiza kuti ukana. Ndimati munthu wosalakwa, ngakhale umuuze bwanji, dzanja limanjenjemera, amalira, amataya kapepalako. Iwe sunanjenjemere n'komwe. Ndimakuyang'ana."

"Ndiye mumandiyesa?"

"Ayi, sikuyesa. Kaya. Munthu ukamagona chokhala usiku wonse, mpweya ukukana, umaganiza zambiri. Zaka zonsezi ndinakulola kuyenda, anthu akundiseka, ine osalabadira. Ndinakupatsa ufulu umene mwamuna wina aliyense pamudzi pano sakanapereka."

Yunisi anamva mawu akuti ndinakulola, anamvanso akuti ndinakupatsa. Zaka zonsezo iye ankayesa kuti msewu uja ndi wake, kuti anaupeza ndi lichero lake ndi msana wake. Sanadziwe kuti chinali chobwereka, ngati khasu la mnansi limene mwini wake amatha kudzalitenga tsiku lililonse, ngakhale uli pakati pa mzere. Anadikira kuti chimupweteke. Anamva kuti chafika, chaima pakhomo pa mtima, koma m'katimo munalibe woti n'kuchilandira.

A Harrison anawerama pang'ono, nkhope yawo ili yofatsa, yachikondi ndithu, ngati ya munthu amene wakonzeka kunyamula katundu wolemera m'malo mwa mnzake.

"Sindikwiya, Nambewe. Ndakhululuka kale, pamaso pa anthu ndiponso mumtima. Sindidzauza munthu, ngakhale achemwali. Ungondiuza ine ndekha kuti mtima ukhale pansi. Anali ndani?"

Yunisi anayang'ana mphika uli m'manja mwake. Unali utayera kale, koma mbali imodzi munatsalira kamwaye. Anakapala ndi chala mpaka kanachoka, anatsukuluza mphikawo, anauvundikira pathandala. Kenako anapukuta manja kuchitenje n'kuimirira.

"Nthawi ya mapiritsi yakwana," anatero, ndipo analowa m'nyumba kukawatungira madzi akumwa.